Injini Yogona Siluma

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mukudzuka bwanji, nanga maso aja akuyabwabe m'mawa? Ine kuno ndili gwa, kupatula chimfine chomwe chinandilandira masiku oyamba. Iwe Teni, mlongo wanga, popeza ndiwe maso a Bambo chichitireni khungu, uwerenge kalatayi mofatsa, usathamange ngati ukuthawa mvula. Bambo sanalakwitse kukutcha dzina la sipanala ya nambala teni, yaing'ono koma yofunika paliponse. Ndikudziwa kuti foni mumadana nayo, Bambo, mumati pafoni munthu amangoti ndili bwino n'kudula, pomwe kalata mumaimva kawiri katatu. Ndiye ndizilemba.

Ntchito ndaipeza pagalaja ina yaikulu, ya denga lalitali moti nkhunda zimamanga zisa m'mwamba. Magalimoto amawakweza ndi makina, munthu n'kulowa pansi pake uli chiimire. Dzina lija munandipatsa la Jeke, chitsulo chokwezera galimoto, kuno lasowa ntchito.

Koma tamvani zomwe zinandionekera tsiku loyamba. Akapitawo anandiponyera kiyi, akuti, "Lowetsa yoyerayo." Ndalowa, pobaya kiyi palibe, pali batani basi. Ndadina. Zii. Ndadinanso. Zii. Mumtima ndinati eya, sitata yafa, lero adziwa kuti ndine mwana wa yani. Ndatsegula boneti, ndafunafuna sitata mpaka thukuta kamukamu, osaiona. Apo n'kuti mnzanga wa zamagetsi, amene aliyense amamutcha Mawaya, atagwira m'mimba ndi phwete.

Akuti, "Achimwene, poyamba paja munailiza, kachiwirika mwaizimitsa. Sitata mukufunayo mulibemo."

Ndinati, "Ndailiza bwanji poti sinalire?"

Bambo, ife timati kuliza galimoto, koma izi sizilira ayi. Amazitcha haibulidi. Zili ndi zokoka ziwiri. China ndi injini ya petulo ngati zomwe mukuzidziwa, china ndi mota ya magetsi yomwe imadya kuchokera ku batire lalikulu lobisika pansi pa mpando wakumbuyo. Ukadina batani, magetsi okha ndiwo amadzuka, kutsogolo kwa chiwongolero n'kungoyaka kanyali kobiriwira. Ukaponda, galimoto imanyamuka osatsokomola n'komwe. Injini ikafunika, magetsi omwewo ndiwo amaizungulitsa, n'chifukwa chake sitata yathu ija mulibe. Ndinachita manyazi, koma ndinasekanso, chifukwa ndinakuonani m'maganizo mutatchera khutu pa boneti, mukudikira phokoso loti silibwera.

Tsopano za kunyumba. Ndamva kuti a sitolo oyandikana nafe abweranso ndi nkhani yawo yofuna kugula malo a galaja kuti akuze sitolo. Chonde Bambo, musalole. Magalimoto awa akubwera kwathu posachedwa, ndipo kumeneko wowadziwa palibe. Mundipatse nthawi ndiwaphunzire, ndibwere ndidzalandire bokosi lanu la masipanala monga munandilonjezera. Galajayo isapite kwina, ikudikira manja angawa.

Kangachepe ndapatsira adalaivala a basi omwe abweretsa kalatayi. Mugule mankhwala a m'maso ndi lata limodzi la pamwamba pa benchi paja pamadontha.

Ndine mwana wanu,
Jeke

16 Malichi

Bambo wanga,

Landirani moni wa mwana wanu. Ndakondwa kumva kuti thupi likukuyendetsani bwino ndiponso kuti lata lija lakhomedwa. Ine ndikudya, ndikugona, palibe chodandaula.

Yankho lanu landiseketsa mpaka Mawaya anafuna kudziwa chomwe chandigwira. Mwati, "Galimoto ya mitima iwiri? Munthu wa mitima iwiri sindinamubwerekepo sipanala." Mawaya akuti ndikuuzeni kuti mitima iwiri imeneyi siikangana, chifukwa ili ndi kapitawo wake, kompyuta, yemwe amagawa ntchito.

Zimayenda chonchi. Paja mumati galimoto imamwa mafuta kwambiri ponyamuka ndi pamene yangoima n'kumalira chabe. Pamenepo kompyuta imauza injini kuti iwe khala pansi. Mota ndiyo imanyamula galimoto, poti mphamvu zake zimabwera zonse nthawi imodzi, sizidikira kuti ikoke mpweya kaye. Msewu ukatambasuka, liwiro n'kukwera, injini imadzuka n'kutenga goli, kwinaku ikudzaza batire. Pachitunda kapena popitirira lole zimakoka zonse ziwiri. Pamaloboti injini imagona tulo, nyali ikasintha galimoto imangotsetsereka. A matakisi azikonda koopsa, ati kumalo omwetsera mafuta ayamba kuwaiwala nkhope.

Chomwe chikundisautsa ndi khutu. Munandilera kuti khutu ndiye sipanala yoyamba: zimitsa, mvetsera, kukati zii lowetsa dzanja. Ndinamuuza Mawaya za mawu aja munapinda ndi chitsulo n'kuwotcherera pachitseko cha galaja, INJINI YOGONA SILUMA. Ndimaganiza kuti aseka, koma ayi. Akuti, "Bambo anuwo ndi katswiri, koma iyi ikagona imatsinzina diso limodzi. Batire likatsika imadzuka yokha osafunsa munthu." Lamulo lake n'loti usanagwire kalikonse, kanyali kobiriwira kaja kazime, kiyi ukamuponye m'chitini chomwe chili pakhomo, kutali ndi galimoto, chifukwa kiyi wa zimenezi amamvana nayo ngakhale ali m'thumba. Ndimatero ndithu, ngakhale ndimadziona ngati wopepera, bambo wandevu zake kuyenda ulendo wonsewo kukaika kiyi m'chitini.

Mwafunsa za pogona. Ndili m'kachipinda ka pamwamba pa malo ochapira zovala, ndipo makina awo akayamba kukamula, bedi langa limanjenjemera ngati lole yakale ija ya matabwa. Zenera limayang'ana khoma la nyumba ina. Chithunzi cha malemu Amayi ndachipachika pa msomali womwe ndinaupeza kale pamenepo. Eni nyumba ali ndi pakamwa, koma tizisiye zimenezo.

Iwe Teni, kalata yako yabwera ndi chidindo cha chala cha girisi pakona. Kodi ukulembera pabenchi ya Bambo? Aganyu amene amawathandizawo uwauze azisamba m'manja asanakhudze mapepala a anthu. Ana ako uwapatse moni, uwauze amalume awo sanawaiwale.

Wanu,
Jeke

4 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli pampando wanu wa pakhomo pa galaja, dzuwa likukuwombani kumsana. Chifuwa chija Teni ananena chatha? Kuno kwayamba kuzizira, m'mawa sipanala imaluma m'manja, koma ndili bwino.

Funso lanu ndi la makaniko weniweni. Mwati, batire lalikulu chotero amalitchajira kuti, kodi amalilumikiza kukhoma? Zilipo zina zotero, koma zomwe timakonza ife ayi, zimadzidyetsa zokha. Mukukumbukira dayinamo wa panjinga yanu ija ya kapalasa? Mukamutsamiritsa pa tayala, njinga inkalemera, nyali n'kuyaka. Ine ndinkadandaula ndikamapalasa, inu n'kumati kuwala sikwaulere. Ndi zomwezo basi. Dalaivala akachotsa phazi kapena akaponda buleki, mota ija imasanduka dayinamo. Matayala ndiwo amaizungulitsa, iyo n'kumalemera, galimoto n'kumachepa liwiro, magetsi n'kumabwerera ku batire. Mphamvu ija imangopsa pa mabuleki n'kumanunkha tikamatsika phiri, iyi imaitolera n'kusunga. Dzulo ndinachotsa tayala la takisi yoyenda zaka, mapadi a mabuleki ake ngati agulidwa sabata yatha. Ndinati Bambo akamva izi adwala, poti ntchito ya mabuleki ndiyo inatiphunzitsa sukulu.

Koma musade nkhawa, ntchito ina ilipo. Batire lija limadana ndi kutentha, ndiye lili ndi kafani kake kolipepesa. Kafaniko kakadzaza fumbi ndi tsitsi, batire limatopa msanga, mwini galimoto n'kumalira kuti lafa pomwe langobanika. Ndi fumbi la misewu ya kwathu ija, Bambo, tizidzangopukuta mafani n'kumadya.

Choopsa ndi nthambo zonenepa za mtundu wa lalanje. Magetsi a mmenemo sachenjeza kawiri. Tisanazikhudze timavala magolovesi a mphira, ndipo poyamba timawauzira mpweya kuona ngati sanabooke. Kenako timazula pulagi yaikulu ya pa batire n'kudikira kuti magetsi otsalira athe. Mawaya akamachita zimenezi salankhula ndi munthu, ngakhale umutchule dzina.

Pali chimodzi chomwe chikanakusangalatsani. Injini ikagona galimoto ikuyenda, china chilichonse chimamveka, beringi, mpira wa shoko, ngakhale kandalama kogubuduka pansi pa mpando. Tsiku lina ndikuyesa galimoto pamsewu ndinamva beringi ya kumbuyo ikung'ung'udza chapansipansi, ndinangoti Bambo akanakhala pano akanaimva tisanatuluke pageti. Ndinakusowani kwambiri tsiku limenelo.

Ntchito yachuluka. A matakisi amakuimirira pamutu, akuti nthawi ikupita, akapitawo nawo akukuwa uko. Chitini cha makiyi chija masiku ena chimaswera chopanda kanthu. Mawaya amanyinyirika, koma mawu ake amamira m'phokoso.

Ndatumiza juzi ya ubweya, muzivala m'mawa, musamati ndinu chitsulo. A sitolo akabweranso muwapatse mpando, muwafunse za ana awo, za malo muwauze kuti mwini wake ali paulendo. Teni, chidindo chako cha girisi chabweranso, ulendo uno ziwiri.

Mwana wanu,
Jeke

21 Ogasiti

Bambo,

Moni. Ndili moyo, musadere nkhawa. Pepani kuti ndakhala chete nthawi yonseyi, makalata anu awiri ndinalandira. Kunali kutanganidwa.

Teni, zilembozi zikakuvuta usandinene, cholembera chake n'choipa. Foni nayo inagwa, musavutike kuimba.

Andisuntha pang'ono pantchito. Masiku ano ndimakhala pa kompyuta yoyezera magalimoto. Umailumikiza pansi pa chiwongolero, galimoto n'kumanena yokha pomwe pakuipweteka. Ndi ntchito yaukhondo, ovolosi imatha sabata osada.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, mundikhululukire. Wamawa zikhala bwino.

Za a sitolo aja, Bambo, ndakhala ndikuganiza. Mwina musawathamangitse. Mumve kaye zomwe akunena.

Juzi ija ikukukwanani?

Jeke

19 Sepitembala

Okondedwa Bambo,

Ndathokoza kumva kuti muli bwino ndi kuti chifuwa chinatheratu. Ine ndiliko, ndikuchira ku kutopa kuja.

Teni, wandilalatira kuti zilembo zanga zikukhala ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Iwe ndiye uli ndi zilembo? Aphunzitsi ankakubwezera kope lako atalipinda. Pirira, uwerenge choncho.

Bambo, mwafunsa kuti kompyutayo imamva bwanji matenda. M'galimoto monse muli tizida tomwe timayeza kutentha, liwiro ndi mphamvu ya magetsi, n'kumauza kompyuta. Batire lalikulu lija si limodzi ayi, ndi timabatire tambiri tolumikizana mndandanda, ndipo kompyuta imationetsa kalikonse payekhapayekha. Kamodzi kakafooka, onse amayenda pa liwiro la kofookako. Kale anthu ankataya batire lonse, koma Mawaya wandiphunzitsa kupeza kodwalako. Palinso bokosi lina pafupi ndi injini lomwe limasintha magetsi a batire kuti akhale a mtundu womwe mota imadya, n'kuwasinthanso akamabwerera. Limatentha, moti lili ndi madzi akeake oliziziritsa. Zonsezi ndazigwira bwino m'mutu. M'mutu mokha muli bwino ndithu.

Mawaya ndi munthu, Bambo. Amadzera kuchipinda kwanga m'mawa, timadyera limodzi, buledi amadula ndi iye. Wandigulira nsapato zopanda zingwe, akuti ndizo za makono. Mukamapemphera muzimutchula.

Za galaja, ndanena kale, ndipo ndikubwereza. Mwakalamba, Teni ali ndi ana oti awalere, aganyu amadya phindu lonse. Malowo mukagulitsa mupuma. Bokosi la masipanala mungapatse wina amene angaligwiritse ntchito bwino, sindidandaula. Ine mwina ndikhalitsa kuno, ntchito ya kompyutayi siifuna zambiri.

Ndikakhala pawindo madzulo ndimamva fungo la sopo wa ochapa zovala, koma mphuno yanga imafuna fungo la oyilo wakale wa pansi pa benchi yanu. Ndakusowani nonse.

Wanu nthawi zonse,
Jeke

12 Okutobala

Bambo wanga okondedwa,

Moni ndikupatsani, koma za moyo wanga lero ndinena zoona, poti mwandigwira.

Kalata yanu inali ya mzere umodzi: "Ukulemba ndi lamanzere, lamanja lili kuti?" Pansi pake Teni wafotokoza kuti si iye anakutsinani khutu za zilembo zanga. Akuti ali pakati powerenga munamuimitsa, n'kunena kuti, "Kalata iyi ikudumpha pulagi ngati injini yodwala. Iwe sujejema powerenga zilembo za mlongo wako." Kenako munaitanitsa pepalalo, n'kulipapasa kumbuyo, n'kupeza kuti cholembera chinkachita kubaya. Akuti munawonjeza kuti makaniko amene walemba makalata awiri osatchulamo bauti ngakhale imodzi, n'kumati gulitsani galaja, ameneyo wasiya kugwira sipanala. Ndinawerenga ndili pabenchi ya ku ntchito, ndinalira pamaso pa anthu, osachita manyazi.

Zinali chonchi. Kumayambiriro kwa Juni, masana dzuwa lili pamutu, kunabwera takisi yakale ya mtundu womwewu, dalaivala akudandaula kuti lamba wa pampu ya madzi akulira. Anaiimika pakhomo, n'kutsika, n'kuima pambali pake akulankhula pafoni. Magalimoto anali mzere mpaka kumsewu. Ndinatsegula boneti, ndinatchera khutu. Zii. Kanyali kaja sindinakayang'ane, kiyi sindinamufunse, anali m'thumba mwa mwini wake. Ndinalowetsa dzanja kuti ndimve kulimba kwa lamba. M'katimo dalaivala anasiya choziziritsa mpweya chikuyenda, batire linatsika, kompyuta inadzutsa injini.

Zapita ziwiri, Bambo, chamkombaphala ndi chapakati. Zitatu zatsala, ndipo bala lapola bwino. Mawaya ndiye anadumphira m'galimoto n'kuizimitsa, ndiyenso anandimanga ndi malaya ake mpaka kuchipatala. Abwana analipira chipatala ndipo sanandichotse ntchito. Tsoka silinunkha, ndinadzuka bwinobwino tsiku limenelo.

Ndinabisa chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba, ndinkaopa kuti mudzati ndi mawu anu a pachitseko aja amene andilumitsa. Ayi Bambo, musayerekeze. Mawu amenewo anasunga zala zanu zonse khumi mpaka ukalamba, anasunganso zanga chiyambire ndili mwana. Ine ndinauzidwa za chitini, ndinaseka. Khutu silinaname, galimotoyo inalidi chete.

Chachiwiri ndi ichi. Chiyambire khungu lanu, tikafika pakhomo mumatidziwa ndi dzanja. Mumaligwira, n'kulitembenuza, n'kunena kuti uyu ndi Jeke, zikhatho ngati tayala. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndikadzafika mudzagwira chiyani, ndipo mudzati uyu ndi ndani. Ndinakulonjezani manja, ndiye ndibwere ndi dzanja ndi theka kudzalandira bokosi la masipanala? Sipanala ndikuyesa kuigwira ndi zitatuzi, koma bauti yolimba imandiseka. N'chifukwa chake ndinati gulitsani. Mtima wanga sukufuna, koma sindifuna kuti galaja idikire munthu amene sadzaikwanitsa.

Teni, pepa pokunamiza za cholembera. Foni nayo ndi yamoyo, ndinkaopa kuti Bambo andimva mawu.

Chomwe munganene ndimva.

Mwana wanu,
Jeke

23 Novembala

Okondedwa Bambo, ndi iwe Teni,

Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Ndikhulupirira nanunso mwadzuka.

Adalaivala a basi anandipatsa kaphukusi kolemera, akuti, "Bambo anu akutumizirani chitsulo, kaya n'cha mankhwala." Nditamasula ndinapeza chilembo S, chadzimbiri, chodulidwa kumene ndi sowo. Ndinakhala nacho m'manja osamvetsa, mpaka nditawerenga kalata ya Teni.

Akuti atakuwerengerani kalata yanga simunadye tsiku lonse. M'mawa mwake anamva sowo ikulira pakhomo, atatuluka anakupezani mwakwera pa bokosi, mukupapasa zilembo za pachitseko chimodzichimodzi, ndipo simunalole kuti akuthandizeni. Tsono pachitseko pakuwerengeka kuti INJINI YOGONA ILUMA. Bambo inu! Munthu wosaona kukwera pa bokosi ndi sowo m'manja, mukanagwa tikanati chiyani? Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinakaonetsa Mawaya. Iye wapempha kuti chilembocho tichimangirire pa chitini cha makiyi mpaka tsiku lonyamuka ine, ndipo chiyambire pamenepo chitinicho sichiswera chopanda kanthu.

Koma iwe Teni, ndiwe mfiti. Ine kumakunena za aganyu osasamba m'manja, osadziwa kuti aganyuwo ndiwe! Bambo akuti chichokereni ine palibe waganyu anapondapo pagalaja, iwo amamvetsera n'kunena, iwe n'kumasula. Akuti mwezi watha unatsitsa giyabokosi ya lole wekha ndi jeke ndi matabwa. Girisi uja ndinkamuona pakalata iliyonse, mutu wanga osagwira. Ndakuvulira chipewa, mlongo wanga, ndipo zilembo zako sindidzazinenanso.

Mawu anu, Bambo, ndawawerenga mpaka pepala lafewa. Mwati, "Ine maso ndilibe koma galaja sinatseke, iwe zala ziwiri zokha ukufuna kutseka? Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma iwe uli nazo zisanu ndi zitatu." Mwatinso galimoto ya mitima iwiri ija mwaikhululukira, tsopano mungaibwereke sipanala. Ndamvanso kuti a sitolo munawapatsa mpando, munawafunsa za ana awo, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Ndiye ndikubwera. Abwana ndawauza kuti ndimaliza mwezi wamawa. Ndagula kompyuta yoyezera, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yabwino, ndi magolovesi a mphira mapeyala awiri. Ena ndi ako Teni, poti nthambo za lalanje ndidzakuphunzitsa ndine, iwe udzandiphunzitse kumasula bauti yolimba mopanda manyazi kupempha thandizo. Anga zala ziwiri zimangolendewera, Mawaya akuti ndisadandaule, n'zosungira. Bokosi la masipanala musalipereke kwa ine ndekha, Bambo, lili ndi mwini wake kale, tizidzatsegula awiri. Mundipezere chitini chabwino, tidzachikhome pakhomo.

Musavutike kudzandichingamira ku basi, ndidzafika ndekha pagalaja. Mudzakhale pampando wanu uja. Teni, usadzawauze kuti ndafika, ndipo ine sindidzalankhula. Ndidzangokupatsani dzanja, Bambo, lamanja lomwelo, osati lamanzere. Mudzaligwire, mudzalitembenuze, mudzawerenge nokha, kenako mudzanene kuti uyu ndi ndani.

Ndine mwana wanu,
Jeke